GTX 1660 Super ikupambana mayeso onse koma ikugwa mu gemu yopepuka. Overclock yokhazikika ndiipeza bwanji?

Kamera_Chilomoni:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi khadi la zithunzi la mu kompyuta (graphics card), GTX 1660 Super ya 6 GB, ya mafani awiri, yomwe ndinagula kwa munthu wina itagwirapo kale ntchito. Masana ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe mu DaVinci Resolve, madzulo ndikaweruka ndimasewerako GTA V kapena eFootball. Ndalama yogulira khadi lina palibe pakadali pano, ndiye ndinati ndilifinye lomweli lipereke zonse zomwe lili nazo polichita overclock, kutanthauza kulithamangitsa kuposa mmene linachokera ku fakitale.

Mu MSI Afterburner, pulogalamu yosinthira liwiro la khadi, ndaika core clock (liwiro la chip) pa +150 MHz, memory clock (liwiro la memory ya khadi) pa +1000 MHz, mafani ndawasiya pa auto. Power limit yokha (malire a magetsi omwe khadi lingadye) ndi imene ikukana, ikuthera pa 100 peresenti ndipo ndikaikoka siisuntha.

Ndi manambala amenewa Unigine Heaven, pulogalamu yoyesera khadi, imazungulira ola lathunthu osaonetsa vuto lililonse. FurMark, yoyeseranso khadi, ndinaisiya mpaka khadi linafika 78°C, silinagwe. GTA V ndimasewera mpaka tulo. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti gemu imene ikugwa ndi eFootball, yomwe kwa khadi limeneli si yolemera n'komwe. Mpira uli mkati, mwina ndikukonzekera kumenya kona, sikirini imangoda bii. Phokoso la ochemerera limamvekabe m'masipika, wolengeza mpira uja n'kumangobwereza liwu limodzi, mafani n'kusintha kaliridwe. Pakapita masekondi awiri kapena atatu desktop imabwerera, gemu itadzitseka yokha. Kompyuta siizima, siiyambiranso.

Chinanso, ndimakhala m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Mu Juni ndi Julaye zimenezi zinkachitika mwa apo ndi apo, koma chiyambireni Okutobala uno zanyanya, makamaka ndikasewera dzuwa lisanalowe.

Ndiye munthu amadziwa bwanji kuti overclock yakhazikika zenizeni, pomwe mayeso omwe aliyense amatchula akudutsa koma gemu wamba ikugwa? Kapena ndinagula khadi lodwala kale? Sindikupempha manambala oti ndikopere ayi, ndikufuna njira yake.

Nyenje_Area25:

Achimwene, khadi lanu sindikuona ngati likudwala. Zomwe mwafotokozazi zikugwirizana bwinobwino, kungoti mayeso mwachitawo sanafike pamalo pomwe khadi likugwera.

+150 ija siimangirira khadi pa liwiro limodzi. Mukatsegula Afterburner n'kudina Ctrl+F muona gilafu ya timadontho tambirimbiri tokwera kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pansi pali voltage, m'mbali muli MHz, ndipo kadontho kalikonse kakunena kuti pa voltage yakuti khadi lithamange liwiro lakuti. +150 imanyamula timadontho tonseto nthawi imodzi. Tsono khadi limasankha lokha kadontho koti liimepo potengera magetsi omwe likudya, kutentha kwake, ndi voltage yomwe BIOS yake (pulogalamu ya mkati mwa khadilo) ikulola. N'chifukwa chake NVIDIA, kampani yopanga chip yake, inalemba kuti boost (liwiro lomwe khadi limakwerako likamagwira ntchito) ya 1660 Super ndi 1785 MHz koma makhadi ambiri amapitirira 1900 munthu asanawakhudze n'komwe.

Khadi limeneli linapangidwa kuti lizidya mawati 125. FurMark imameza mawati onsewo ikangoyamba, khadi n'kugunda malire, n'kudzitsitsa lokha ku voltage yotsika ndi liwiro lotsika. Nthawi yonse munaisiya ija munkayesa timadontho ta pakati. Heaven ndi GTA V nazonso zimalikanikiza khadi chapafupi ndi malire omwewo. eFootball ndi yopepuka, ndipo ngati mwaimangirira pa mafelemu 60 pa sekondi mawati amatsala ambiri. Khadi likaona kuti mpata ulipo limakwera mpaka kadontho ka pamwamba penipeni, cha m'ma 1.05 V, komwe +150 yanu ikulilamula kuthamanga pafupifupi 2100 MHz. Kumeneko n'komwe simunayese, ndipo n'komwe likugwera. Zili ngati njinga ya kabaza yomwe mwaiyesa itanyamula matumba a chimanga. Yalemedwa, siikuthamanga, ndiye simungadziwe kuti gudumu limagwedera ikakhala yopanda katundu pamtsetse.

Musangondikhulupirira, onani nokha. Tsegulani GPU-Z, pulogalamu yoonetsa zomwe khadi likuchita, pitani pa Sensors, chongani Log to file, kenako sewerani mpaka igwe. Mizere yomaliza ya fayiloyo ikuuzani MHz ndi voltage zomwe khadi linali nazo pogwa. Yang'ananinso pomwe palembedwa PerfCap Reason. Mu FurMark mupeza Pwr, kutanthauza kuti chomwe chikuligwira ndi mawati. Mu eFootball ndikuyembekeza kuti mupeza VRel, kutanthauza kuti lafika pamapeto a voltage. Kuda kwa sikirini kuja ndi Windows: khadi likakhala masekondi awiri osayankha, Windows imadzutsanso driver, pulogalamu yoyendetsa khadilo. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, pansi pa System, mupeza nambala 4101 ndi mawu akuti "Display driver nvlddmkm stopped responding and has successfully recovered".

Njira yake, choyamba bwezani memory pa 0. Mukakweza zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa chomwe chalakwa. Core muziisuntha ndi 15 MHz nthawi iliyonse, chifukwa makhadi a m'badwo umenewu amayenda m'masitepe a 15, ndiye +140 ndi +145 nthawi zambiri zimakagwera pamodzi. Kuti muyese kadontho kamodzi pakokha, kadineni pa gilafu paja, dinani L pa kiyibodi, kenako apply. Khadi liima pamenepo osasuntha bola mawati asathe, ndiye poyesa musalipatse katundu wolemera. Heaven yomweyo muiike pa windo yaing'ono, zonse pa low, mafelemu azithamanga mazanamazana. Mayeso ooneka ngati achibwana amenewo amagwetsa overclock yomwe FurMark inaidutsitsa. Mukatha dinaninso L kuti limasuke.

Koma ine ndikanakhala inu sindikanalimbana ndi timadontho ta pamwambato. Power limit yanu ikuthera pa 100 chifukwa omwe anapanga khadilo anakhoma choncho mu BIOS, makhadi ambiri otsikirapo mtengo ali chomwecho, ndipo musayese kuikamo BIOS ya khadi lina. Ndi mawati 125 okha, mu gemu yolemera simukhalako ku 1.05 V, ndiye kumeneko kukungokubweretserani kugwa popanda phindu. Ikani core pa +105, tsegulani gilafu, gwirani Shift n'kukoka mbewa kuti musankhe timadontho tonse ta kumanja kwa 950 mV (0.95 V), titsitseni pansi, dinani apply. Afterburner itiyala tonse mzere umodzi wowongoka kuyambira pa 950. Khadi silipitiriranso voltage imeneyo kaya gemu ndi yolemera kaya yopepuka, ndiye muli ndi kadontho kamodzi kokha koti mukatsimikize, osati makumi. Likaima, kwezani ndi 15. Likagwa, bwererani masitepe awiri, osati imodzi.

Za malata ndi Okutobala mwazitchulazo n'zoona ndithu. Chip ikatentha imafuna voltage yochulukirapo kuti igwire liwiro lomwelo, ndiye nambala yomwe inkapulumukira pangono mu Julaye pano ikugwa. Khadi nalonso limatsitsa 15 MHz pang'onopang'ono likamatentha, 83°C isanafike n'komwe, moti gilafu yomwe mwaiona m'mawa si yomwe muione masana. Konzani ndi kuyesa nthawi yomwe m'nyumba mwatentha kwambiri, kesi itatsekedwa mmene imakhalira masiku onse. Mafani achotseni pa auto, muwapangire gilafu yawo kuti pofika 70°C akhale atadzuka kale.

Ndipo kabatani ka Windows kapamwamba paja, koti overclock izidziika kompyuta ikamayaka, musakayatse mpaka mutakhutira.

Fundi_wa_ku_Limbe:

Aise, musanapite patali ndi magilafu, power supply yanu ndi yotani? Pa benchi panga pamabwera makompyuta ambiri omwe eni ake akuloza chala khadi, koma ndikatsegula ndimapeza power supply yopepuka ngati mulibe kanthu, yopanda chingwe cha khadi, munthu atalumikiza ndi kadaputa kochokera pa SATA. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 basi. Ya 8-pin yomwe khadi lanu limafuna ndi ya 150, pamwamba pa 75 yochokera pa slot. Timadaputa timeneti ndatiwonapo titasungunuka. NVIDIA imanena kuti kompyuta ya 1660 Super ikhale ndi power supply ya mawati 450.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Sikirini ikada n'kubwerera, ndi zomwe anena a Nyenje. Kompyuta ikazima yonse kapena kuyambiranso yokha, Event Viewer n'kulemba Kernel-Power 41, yang'anani magetsi. Fumbi nalonso muliphulitse, mwezi uno limatseka zipsepse za heatsink, chitsulo choziziritsa chip chija, ngati wamata dala. Pophulitsa gwirani mafani ndi chala asazungulire.

Kamera_Chilomoni:

Zikomo kwambiri achimwene nonse awiri. A Fundi, power supply ndi ya mawati 500 ndipo chingwe cha 6+2 ndi chake chenicheni, palibe daputa. Kernel-Power 41 ndaipeza, koma masiku ake akugwirizana ndi nthawi zomwe magetsi anathima m'dera lonse. Fumbi ndiye linalimo, linachita kuunjikana kuseri kwa mafani, ndalichotsa.

A Nyenje, mwalasa. Ma 4101 ali mndandanda. Fayilo ya GPU-Z ikuonetsa kuti mu FurMark khadi limangozungulira cha m'ma 1700 MHz, Pwr yokhayokha. Mu eFootball mzere womaliza usanaduke pali 2100 MHz, 1.050 V, 67°C, VRel, ndipo mawati sanafike ngakhale 90. Panopa ndayala mzere pa 950 mV monga mwanenera, ukupereka 1950 MHz.

Koma pali nkhani ina yomwe ikundidetsa nkhawa kuposa ya mpira. Vidiyo ya ukwati yomwe ndinatulutsa sabata yatha, memory ili pa +1000, ili ndi timabokosi tobiriwira tomwe timangothwanima kamodzi n'kusowa, pomwe mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Pa timeline sitioneka, mu fayilo ya kamera mulibe. Resolve sinadandaule chilichonse, inamaliza bwinobwino. Mwamwayi eni ake sanatengebe. Ndinaonanso kuti pa render (potulutsa vidiyo) Afterburner inkalemba memory 7800 m'malo mwa 8000 yomwe imalemba mu gemu. Kodi zimenezi n'zogwirizana?

Nangozo_JHB:

Achimwene, inenso ndimadya za vidiyo kuno ku Johannesburg, ndiye nkhani ya timabokosi tobiriwirayi yandikhudza. Ine ndikukayikira memory.

Memory ya 1660 Super ndi GDDR6 ya 14 Gbps pa njira ya 192-bit, zomwe zimapereka 336 GB pa sekondi. Afterburner imailemba ngati 7000 MHz. Mukaika +1000 mwaifikitsa pa 16 Gbps, 384 GB pa sekondi. Alipo makhadi omwe amafikadi pamenepo, koma 1660 Super inatuluka ndi ma chip a makampani osiyanasiyana, ena a Samsung, ena a Micron, ena a Hynix, ndipo sakwera mofanana. GPU-Z imakuuzani omwe muli nawo. Ndiye +1000 yomwe munthu waonetsa pa YouTube ndi ya khadi lake.

Kuopsa kwa memory n'kwakuti siikuwa ikamavutika. GDDR6 imatha kuzindikira kuti data yawonongeka panjira pakati pa iyo ndi chip, n'kuitumizanso. Ndiye mukapyola malire pang'ono simuona madontho, gemu siigwa, koma nthawi ikutha ndi kubwereza ndipo mafelemu akutsika mwakachetechete. Mukapyola kwambiri zolakwika zina zimadutsa, ndipo ndi zomwe zimakathera mu fayilo ya kasitomala. Mu gemu felemu imodzi yoipa imapita osaiona. Mu render imakhala momwemo mpaka adzukulu adzaionere.

Poyesa musadikire kuti igwe, muzitsata mapointi. Tengani Unigine Superposition, mayeso opereka mapointi, ya ulere ija ikukwanira, kungoti ndi yoposa 1 GB ndiye bandulo ikhalepo. Core ikhale pomwe mwaiyala paja. Yendetsani pa 0 mulembe mapointi pa pepala, kwezani ndi 100, yendetsaninso, choncho choncho. Mapointi akasiya kukwera, kapena akayamba kutsika, malire mwawapyola kale. Bwererani ndi 200 kuchokera pomwe anali apamwamba kwambiri. Kenako pulogalamu ya OCCT ili ndi mayeso a VRAM (memory ya khadi) omwe amawerenga zolakwika chimodzichimodzi. Pamafunika ziro.

7800 munaona ija si vuto. Makhadi a GeForce ngati lanuli akamagwira ntchito za CUDA (zowerengetsera, osati gemu), monga Resolve, driver imawaika pa giya yotsikirapo yotchedwa P2, ndipo pa khadi lanu memory imatsika kuchoka 7000 kufika 6800. Mukaphatikiza +1000 yanu ndi 7800 ija. Ndiye taonani, yalakwitsa ngakhale itatsitsidwa ndi 200. Pa 8000 mu gemu zikuyenera kuti zikuchitikanso, kungoti simukuziona.

Kumbukiraninso komwe makhadi ambiri ogulidwa kwa anthu anachokera. 1660 Super inatuluka mu Okutobala 2019 ndipo okumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti ija, ankaikonda chifukwa imadya magetsi ochepa pomwe memory yake ndi yothamanga. Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi pa 15 Seputembala 2022, makhadi amenewo anakhuthukira pamsika. Kukumbako kunkathamangitsa memory usana ndi usiku, ndipo ma thermal pad ake, timphira topititsa kutentha ku heatsink, amauma. Khadi limeneli silionetsa kutentha kwa memory, 67°C mukuonayo ndi ya chip yokha. M'nyumba ya malata mu Okutobala, ine memory sindingaikakamize.

Maganizo anga ndi akuti ntchito ya ndalama izichitika khadi lili mmene linabwerera. Afterburner ili ndi malo asanu osungira. Pa 1 sungani zonse zili pa 0, muzidina pamenepo musanatsegule Resolve. Zosewera zikhale pa 2. Werengani nokha phindu lake: kuchoka 1950 kufika 2070 MHz ndi 6 peresenti, pa mafelemu 60 sizikwana mafelemu anayi. Ukwati suchitika kawiri, ndipo dzina la wojambula likaipa m'dera mwake silibwerera msanga. Vidiyoyo itulutseninso, muionere yonse ndi maso musanapereke.

Nyenje_Area25:

Achemwali anena zoona pa memory, ikhale pa 0 pa ntchito. Koma pa core ndikusiyana nawo pang'ono. Mzere wa 950 mV umapangitsa khadi kudya mawati ochepa ndi kuzizira kuposa mmene linabwerera. Render ya maola awiri masana m'nyumba yotentha chonchi, khadi lozizira ndi labwino kwa mafani, kwa memory yomwe yayandikana nalo, ngakhale kwa UPS ngati muli nayo. Likatsimikizika bwino, ine ndikhoza kugwirira ntchito.

Nangozo_JHB:

Kuzizirako sindikukana achimwene. Koma 1950 MHz pa 950 mV ndi overclock ndithu, pa voltage imeneyo khadi likuthamanga 105 MHz kuposa pomwe analiyesa ku fakitale. Ngati nkhani ndi kutentha, ayale mzere pa 950 mV koma core ili pa 0. Liwiro litsika pang'ono, khadi lizizira, ndipo palibe kadontho komwe kakwezedwa. Pamenepo ndiye tigwirizana.

Kamera_Chilomoni:

Ndabwera ndi zotsatira. Achemwali, pepala lija landitsegula maso. Mapointi a Superposition ankakwera bwinobwino mpaka +700, pa +800 anangoima, pa +1000 anatsika kufika pansi pa omwe ndinapeza pa +600. Chithunzi chinali choyera nthawi yonseyo, popanda dontho ngakhale limodzi. Ndaima pa +500 ndipo OCCT yapereka ziro.

Core pa +120 inadutsa usiku koma inagwa masana mu Heaven ya windo yaing'ono ija. Ndabwerera masitepe awiri monga munanenera a Nyenje, ndili pa +90, mzere wayala pa 1935 MHz. eFootball sinagwenso, ndipo ndakhala ndikuisewera dala nthawi yomwe malata akuthetheka. Mu GTA V kusiyana ndi kale sindikukuona ndi maso, koma khadi likuima cha m'ma 69°C ndipo mafelemu sakudumphadumpha ngati poyamba. Ndiisiya chonchi mpaka mvula igwe ndisanayatse kabatani ka Windows kaja.

Pa ntchito ndatenga ya achemwali yomalizayo, 950 mV, core 0, memory 0. Vidiyo ya ukwati ndaitulutsanso, ndaionera kuyambira pa galimoto za maluwa mpaka pa perekaniperekani, ndi yoyera. Nthawi ya render inangotalikirako pang'ono, moti ndikanapanda kuyang'ana wotchi sindikanadziwa.

Chatsala chimodzi. GPU-Z ikuonetsa Hot Spot (malo otentha kwambiri pa chip) yoposa kutentha kwa chip ndi madigiri 22 khadi likalemedwa. A Fundi, kodi ndi nthawi yoti ndilitsegule? Ndipo ma pad ndigule okhuthala bwanji?

Fundi_wa_ku_Limbe:

22 yachuluka aise, pa khadi lomwe paste yake (phala la pakati pa chip ndi heatsink) ili bwino timayembekeza 10 mpaka 15. Paste yauma kapena yathawira m'mbali. Litenthetseni kaye ndi gemu pang'ono, zimitsani, zulani pulagi kukhoma, masulani masikulu anayi a masipuling'i kumbuyo, ndipo heatsink muichotse mopotokola pang'onopang'ono, osazula mwamphamvu. Samalani kachingwe ka mafani, n'kakafupi. Paste yakale pukutani ndi isopropyl, yatsopano muipake chip yonse mpaka m'makona chifukwa chip ya khadi ilibe chivindikiro ngati purosesa. Pomanga, masikulu muziwalimbitsa mopingasa, pang'onopang'ono onse anayi.

Ma pad musagule mongoganiza. Alipo a 0.5, a 1, a 1.5 ndi a 2 mm, ndipo kampani iliyonse inaika ake. Mukaika okhuthala kwambiri amanyamula heatsink, chip n'kusiya kukhudza bwino, Hot Spot n'kukwera kuposa pano. Yezani akalewo m'mphepete momwe sanapsinjike. Ngati ali ofewa ndipo sanang'ambike asiyeni, sinthani paste yokha. Mukamaliza mutsegulenso gilafu ndi kubwereza mayeso a masana aja, chifukwa khadi likayamba kuzizira timadontho tisuntha ndipo 1935 yanu ikhoza kusanduka 1950 yokha.